Nthandose Amene Munamsiya Tsidya

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa?

Ndine Ailedi wanu, kuno ku Ndake. Cholembera chili m'manja mwa mdzukulu wanu Misozi, poti mukudziwa nokha kuti ine sukulu ndinangoinunkhiza. Ndamuuza kuti alembe mawu monga mmene akutulukira m'kamwa mwanga, asawakometse. Misozi yemwe uja munkamtuma kukapala moto tsopano ndi mphunzitsi wamkulu ku Nyimba, ndipo akamadutsa pamsika amuna andevu amamvulira chipewa. Akuti zimenezi ndisanene. Lemba iwe, mwana ndi wanga.

Chimanga chaka chino chachita bwino kumunda wa kudambo, koma cha kumtunda mvula inachithawa chitangomasula. Thonje ndinaleka, msana sukulolanso kuwerama. Mtengo wa mango umene munabzala kuseri kwa khola unagwa ndi mphepo, ndipo mango ake omaliza tinadya osapsa, ndi mchere, kuti asangowonongeka. Anatikumbira mjigo pafupi ndi tchalitchi, choncho kumtsinje kuja munkatikalipira kuti tikuchedwa ndi nkhani, masiku ano kumapita ng'ombe zokha. Kwa mwana wanu Lufeyo kwabadwa zidzukulu zamapasa. Iye mwini mano atsala awiri, koma ukali udakali wonse, makamaka poti ndiye mwini mbumba.

Chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya Tamala, mwana woyamba wa Misozi, amene munamsiya akusewera masanje. Wakula, ndipo wapeza mwamuna. Dzina lake ndi Domingo, amakonza njinga zamoto ku Petauke. Kwawo ndi njira ya ku Sandwe, kumene boma linasunga anthu othawa nkhondo tsidya, ndipo makolo ake ndi ena mwa amene sanabwerere. Ankhoswe anakumana, zonse zinayenda bwino. Tsiku lina ambuya ake, a Lozaliya, anabwera kudzaona mudzi. Tikuswa nsawa pakhonde, ndinawafunsa funso lanu lija limene munkafunsa mlendo aliyense: “Tsidya kwanu ndi kuti?” Anati kwa Kapasula. Kenako anaonjeza kuti amayi awo, amene anamwalira iwo akadali aang'ono, dzina lawo linali Nthandose.

Amayi, lichero linandigwa m'manja.

Nkhaniyi mukuidziwa kuposa ine, koma ndiibwereza kuti ilembedwe, isafe ndi ine. Munali kamtsikana pamene makolo anu anathawa chibalo cha Apwitikizi kwa Kapasula. Mng'ono wanu Nthandose anali ndi chikuku. Ulendo wa m'tchire sakanautha, ndipo kulira kwake kukanakugwiritsani nonse. Ambuya, amayi anu, anamsiya kwa mnzawo wa nyumba yoyandikana nayo, kuti adzamtenga mvula ikatha. Mvula inatha, ina inabwera, njira inatsekeka, ambuya anamwalira kuno osabwererako. Inu munkati, “Ndinamtsitsa kumsana ndine, ndi manja angawa.” Munabereka ife tonse kumsana, munabereka ndi ana athu, koma munkanenabe kuti msana wanu uli ndi malo amene sanafundepo. Nthawi ya nkhondo munakwera lole ndi dengu la nsawa kupita kumene anasonkhanitsa othawa aja, kukafunsa. Midzi inali yambiri, miyendo inakukanikani. Munabwera ndi dengu lopanda kanthu, ndipo masiku amenewo simunaimbe pamtondo.

Lufeyo atamva, anaimirira ndi ndodo yake. “Ukwati uyu manje waima. Awa ni magazi amodzi.” A Lozaliya anayesa kufotokoza kuti iwo mfunda wawo ndi a Mwanza, ife ndife a Tembo, ndiponso kuti ambuya awo anali a Maiwase. Lufeyo anati, “Ameneyo ndiye anamulela chabe. Mbuzi ikakulila m'khola la nkhosa, isanduka nkhosa?” Panalibe womutsutsa, chifukwa dzina la mayi amene anasiyiridwa mwana palibe ankalidziwa. Tamala analeka kudya bwino, nkhope inagwa. Domingo ankabwerabe Loweruka, kukonza njinga ya Lufeyo yemweyo osalankhulitsidwa, nkubwerera.

Ine sindinadziwe chopempha kwa Mulungu. Amake a Lozaliya akakhala Nthandose wathu, ndiye kuti ndapeza mbeu ya mng'ono wanu, chinthu chimene munachifuna moyo wanu wonse, koma mdzukulu wanga ataya mwamuna amene amkonda, poti mwana wa mimba imodzi sakwatiwa m'nyumba. Akakhala wina, ukwati ulipo, koma mng'ono wanu wasowanso kachiwiri.

Amene anapeza njira ndi Misozi. Anamva kuti ku Lusaka, pa tchalitchi china, kuli laibulale yofufuzira makolo, kumene anajambula mabuku akale a m'mamishoni, a kuno ndi a tsidya omwe, nkuwaika m'makompyuta, ndipo munthu aliyense amaloledwa kukaona. Lufeyo anakana kupita. Anati makolo a munthu ali kumanda, sali m'kompyuta. Tinapita awiri. Basi inatsika mapiri aja okhotakhota mpaka pa mlatho wa Luangwa, ine nditatsinzina, nditagwira dzanja la mwana wanga ngati ndine wamng'ono.

Laibulaleyo ndi chipinda chozizira, chachete ngati pamaliro anthu akatopa kulira. Anatilandira bambo wachikulire, a Daka, amene anagwirapo ntchito tsidya ndipo amawerenga Chipwitikizi. Anandipatsa mpando wofewa, nkunditcha amai. Poyamba tinasochera tokha. Ife tinati tikufuna a Tembo, poti munthu ukamfunsa kuti ndiwe yani amatchula mfunda. Anatuluka a Tembo ochuluka ngati nyerere, wathu panalibe. A Daka anatiuza kuti ansembe a tsidya mfunda sankausamala. Ankalemba dzina la mwana, la bambo ake, la amayi ake ndi mudzi. Ndiye anandifunsa, “Ambuya anu dzina lao anali ndani?”

Ndinagona nawo mphasa imodzi, ndinawatafunira nsawa mano atawathera, koma dzina lawo sindinalimvepo. Mudzi wonse unkati amake mwana, ife tinkati ambuya. Munatilera kuti mwana waulemu safunsa dzina la wamkulu, ndipo tinamvera. A Daka sanaseke. Anati ambiri amafika pamenepo ndi ulemu womwewo. Anafunsa lanu. Ndinayang'ana Misozi kuti anene ndiye, koma bamboyo ankafuna kulimva monga ankalitchulira akale. Ndinalitchula, Amayi. Ndinati Malita. Ndakalamba chonchi, kanali koyamba kuti lituluke m'kamwa mwanga, ndipo ndinacheuka ngati mubwera ndi mthiko.

Poti tinali ndi mudzi ndi dzina lanu basi, panalibe njira yachidule. Anatsegula mabuku a mishoni ya kufupi ndi kwa Kapasula, Misozi nkumapita tsamba ndi tsamba. Zolemba zake zopendekeka ngati mapira ogwa ndi mphepo, masamba ena chiswe chinadya asanajambulidwe. Tinagona kwa mnzake wa Misozi, m'mawa nkubwereranso. Mwana wanga maso anafiira, koma sanadandaule. Ine ntchito yanga inali kukhala pambali ndi kumvera maina. Ena ndinawazindikira, anthu amene munkawatchula pokumbuka kwanu, ndipo ndinkamva ngati ndikudutsa m'mudzi umene sindinaupondepo, anthu ali pamakonde awo.

Tinakupezani m'buku la ubatizo. A Daka anawerenga pang'onopang'ono: Malita, mwana wa Kamzimbi ndi Mwaziona, wa kwa Kapasula. Ambuya anali Mwaziona. Ndinalibwereza chamumtima kangapo, kuti lisandithawe. Patsogolo pang'ono tinapezanso Nthandose, wa bambo ndi mayi omwewo. Ndinaika chala pagalasi pamene anandilozera, ngakhale sindiwerenga.

Kenako a Daka ananena mofatsa kuti palinso buku lina, la amene anaikidwa m'manda, ndipo wofufuza makolo sayenera kulilumpha. Misozi anandiyang'ana. Ndinati tsegulani.

Amayi, Nthandose sanaione mvula ija ikutha. Analembedwa kuti anamwalira ali mwana, m'nyumba ya Maiwase, nyengo yomweyo imene munachoka. Chikuku chija chinamtenga. Wansembe analemba kuti anaikidwa ndi a nyumba imeneyo. Titabwerera ku buku la ubatizo, patapita masamba angapo, tinapeza mwana wina wamkazi, wobadwa kwa Maiwase ndi mwamuna wake, ndipo dzina anampatsa Nthandose. Mayi uja atabereka wake, sanafune kuti dzina la mwana wa mnzake ligone pansi. Ameneyo ndiye amake a Lozaliya.

Ndinalira m'chipinda cha eni, kulirira mwana amene sindinamuonepo. Zaka zonse zija munkaimitsa alendo panjira, munkasunga nsalu yatsopano m'bokosi kuti mwina afika, iye anali atagona kalekale. Koma m'basi pobwerera ndinadziseka ndekha. Ndinati, kodi ndikudandaula kuti ndikawauza bwanji amayi? Inu munafika kumeneko kale. Munampeza. Otsalira m'mbuyo pa nkhaniyi tinali ife.

A Daka anatisindikizira masamba aja papepala, nkutilembera tanthauzo lake m'munsi. Titafika tinaitana mbali zonse ziwiri, ndipo Misozi anawerenga pamaso pa onse, kumasulira mzere ndi mzere, mawu osanjenjemera. Ndinamuyang'ana nditakhala pamphasa, mtima uli ndendende. Lufeyo anatsamiza chibwano pandodo. Kenako anati, “Ndiye kuti anthu awa anatiikila malilo.”

A Lozaliya sanadikire kuti amalize. Mukudziwa kuti amene akuikira maliro amasanduka anungwe ako, ndipo anungwe alibe mlandu, angakunyoze pamaso pa anthu, angakulande chimene afuna. Mayi uja, amene masiku onse ankakhala mwamanyazi kumapeto kwa mphasa, anadzuka, anathyola chipewa pamutu pa Lufeyo nkuchivala yekha. “Iwe nkhalamba ya mano awili! Unafuna kutipanga abale kuti utimane mkazi? Ndise anungwe ako, lelo uzationa!” Lufeyo anati, “Akuba imwe! Munaba dzina la mwana wathu, manje mwayamba zipewa?” Iwo anati, “Dzina tinalisunga, imwe munathawa na miyendo yanu yoonda iyo. Mailo nizabwela kutenga na njinga.” Anathamangitsa tambala wa Lufeyo, wamkulu uja amamnyadira, namgwira okha, ndi ukalamba wawo wonse. Lufeyo anaseka mpaka chifuwa chinamtsamwitsa. Kuseka kotero ndinamuona komaliza inu mukadali moyo. Tamala anathawira m'nyumba, ndipo madzulo ake anapempha chakudya chowonjezera.

Tisanabalalike tinapita tonse kumanda kwanu. Tinasesa, a Lozaliya anagwada nkukuuzani kuti ambuya awo ankasamala kamanda kena pansi pa mtengo wa msolo, ndipo ana sankaloledwa kusewerapo, koma iwo sankadziwa kuti nka yani. Sindikudziwa ngati munawamva, nchifukwa chake ndabwereza.

Ukwati udzachitika tikatha kukolola. Domingo wayamba kale kuumba njerwa, ndipo malo ndampatsa pafupi ndi nyumba yanga, pamene panali nkhokwe yakale. Lufeyo wayamba kuwerengera ntchito zimene mkamwini adzamgwirire, zitsa zoti azule, denga loti afolere. Ndamuuza kuti aiwale.

Mumpatse moni Nthandose. Mumuuze kuti dzina lake lilipo, likuyenda. Mukawaona a Maiwase, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Anasunga mwana wathu pamene ife tinalibe pomuika, anamgoneka bwino ngati wawo. Tsopano wawo akubwera m'mudzi mwathu, ndipo ndikukulonjezani kuti malinga ndili moyo, mnyamata ameneyu sadzagona ndi njala, sadzatchedwa mlendo, ndipo akadzadwala ndidzakhala pambali pake ndine.

Misozi akuti dzanja latopa. Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu amene amakukondani mpaka lero,
Ailedi