Manja a Mkazi wa Tomasi

Lachiwiri, 9 Julaye 2024

Cholakwa chinayamba Lachisanu pa 8 Ogasiti 2008, tsiku limene mwana wanga Tomasi anakwatira ku ofesi ya boma ku Lilongwe, popanda ankhoswe, popanda kundiuza ine bambo ake. Ndinamva kwa kondakitala wa minibasi. Kufikira lero papita zaka khumi ndi zisanu, miyezi khumi ndi umodzi, ndi tsiku limodzi. Tomasi anamwalira mu 2022 asanapepese. Mkazi wake, Violet, sindinalankhulepo naye. Anthu amati ndi ulemu wa apongozi, poti mwambo sulola kuyandikirana. Ndimawasiya aganize choncho.

Lero wabwera kuchokera kushedi yake ya mtedza pa Nsaru. Wakhala pamphasa pafupi ndi nkhokwe, mapazi khumi ndi awiri kuchoka pampando wanga. Mkazi wanga Edina pakati. Pamkono wamanzere wa Violet chipsera chachitali, kuyambira pachigongono kufika m'chikhatho. Ndinamva kale kuti mu Meyi anthu atatu a zikwanje anamubisalira pamsewu wa Kabudula akupita kogula mtedza. Koma kuona ndi lero.

Watulutsa pepala. Chilolezo chokhala ndi mfuti yam'manja. Chidindo chili pamalo pake, ndayang'ana kawiri. Wanena kwa Edina: "Mayi, muwapemphe bambo andithandize kusankha. Iwo anasunga mfuti za apolisi zaka makumi atatu, ine sindinaigwirepo."

Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndauza Edina amukonze.

Yankho sindinapereke. Kuzizira kwambiri. Mapiritsi a bipi atsala asanu ndi anayi.

Lachinayi, 11 Julaye

Ndinatumiza mawu kudzera kwa Edina: mfuti si mankhwala. Aziyenda masana, azilipira alimi pafoni. Mawu abwerera. Anamugwira nthawi ya 2 koloko masana, dzuwa lili pamutu, ndipo kumidzi imene amagula mtedza foni sigwira. Maulendo ayambiranso pa 1 Ogasiti, ndi thandizo langa kapena popanda.

Wogulitsa mfuti, bambo Faizal, wamutumizira chithunzi. Edina wandionetsa pafoni. Kanthu kakang'ono ngati sopo. Akuti Violet wakakonda chifukwa kakwanira m'chikwama.

Ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana chithunzicho. Munthu wosadziwa amayesa kuti mfuti yaing'ono ndi yofatsa. Ndi imene imakankha kwambiri. Dzanja lovulala lija silingaigwire. Idzalumpha, chipolopolo chidzapita kumwamba, ndipo wachikwanje adzakhala atafika kale, atapezanso mfuti yaulere.

Edina, akusenda chinangwa, osandiyang'ana: "Khalani pomwepo ndi mkwiyo wanu, a Elifasi. Agula kachidole kakeko. Suti yakuda ija muli nayobe, eti?"

Ana awiri a Tomasi alibe kholo lina. Ichi si chifundo, ndi chiwerengero chabe.

Ndalamula kuti Violet aike dzanja papepala, Edina alizungulize ndi bolopeni. Manja onse awiri. Kuyeza ndi rula ndiyeza ndekha.

Loweruka, 13 Julaye

Ku tauni. Minibasi inachoka pa Nsaru 6:40, inafika 8:55. Ine kutsogolo, iwo awiri kumbuyo.

Mapepala a manja ndinapita nawo. Chikhatho chachikulu kuposa mmene ndinkaganizira, zala zazifupi. Chala chaching'ono chamanzere sichiwongoka; bolopeni inachita kukhota pochizungulira.

Bambo Faizal anaika mfuti zitatu pathebulo, zonse zopanda zipolopolo. Ndinatsimikiza ndekha, iliyonse payokha, ngakhale anaseka. Yoyamba, kasopo kaja. Violet atakagwira, chala chaching'ono chinatsala panja chopanda pogwira. Ndinauza Edina amuuze kuti mphamvu ya chipolopolo ndi imodzimodzi. Chitsulo cholemera chimameza gawo lake, chopepuka chimaitayira yonse m'dzanja la munthu. Edina anamasulira kuti: "Akuti kameneka kamaluma." Ndinaisiya choncho. Sizinali zabodza.

Yachiwiri, yaikulu. Yokhazikika bwino, koma singabisike m'chiuno, ndipo chitsulo chake chapamwamba n'cholimba. Anayesa kuchikoka ndi dzanja lamanzere katatu, chinakana. Analuma mlomo, sanadandaule.

Yachitatu, yapakati. Zala zonse zinapeza malo. Chala cholozera chinafika pa kachitsulo kowombera popanda kupotoza dzanja. Chitsulo chapamwamba chinamvera ulendo woyamba. Ndinagwedeza mutu.

Bambo Faizal: "Madala, bwanji osangowauza nokha? Ali pompa apa." Edina: "Awa amandigwiritsa ngati foni. Mayunitsi okha sagula."

Za chikwama ndinakana kwamtuwagalu. Mfuti ikhale m'thumba lake lachikopa, lophimba kachitsulo kowombera, palamba, m'chiuno. Ndinafunsa kudzera kwa Edina: mu Meyi anayamba kulanda chiyani? Violet anati, "Chikwama."

Mfuti yatsala kusitolo kufikira mapepala ake atatha. Kuyesera ndi Loweruka likudzali, pamalo awo owomberapo, pafamu ina kupitirira Chitedze. Pobwerera anandigulira nthochi. Anapatsa Edina, Edina anapatsa ine. Zinali zakupsa bwino.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndasema mfuti yamtengo, msinkhu wofanana ndi yeniyeni. Masiku awiri. Ndakhomeramo misomali isanu ndi umodzi kuti ilemere.

Violet wabwera masana kudzaphunzira kuitulutsa. Vuto limene sindinakumanepo nalo m'zaka zanga zonse za ntchito: chitenje. Anakulunga mfuti mkati, ndipo pofuna kuitulutsa anamasula chitenje chonse. Ine maso kumtengo wa mango, pakuti mpongozi sayang'anidwa m'chiuno. Edina ndiye amaona n'kumandiuza. Kuseka kwake kunamveka mpaka kwa oyandikana nawo. "Akuba adzathawa okha ndi manyazi," anatero.

Tapeza njira. Chitenje chimangidwe pansi pa lamba, bulauzi yaitali igwere pamwamba. Dzanja lina likweze bulauzi, lina litulutse. Wabwereza kokwana makumi anayi. Ndimamva ndi makutu: nsalu, chikopa, kenaka chete.

Ndisanapereke lamulo loyamba, ananena yekha: "Chala kunja, kufikira utaona chimene ukufuna kuwombera." Mawu anga enieni, osasintha ndi limodzi lomwe. Ndinafunsa Edina kuti wawatenga kuti. Violet anayankha akuyang'ana pansi: "Tomasi ankanena choncho ngakhale pogwira chopopera mankhwala a mbewu. Ankati m'dziko muno mulibe munthu wodziwa mfuti kuposa bambo ake."

Ndinalowa m'nyumba kukafuna magalasi. Anali m'thumba la malaya.

Loweruka, 20 Julaye

Malo abwino. Chigwa, chulu chachikulu kumbuyo kwa chandamale, mbendera yofiira. Bambo Faizal anatitenga pagalimoto yawo.

Chimene sindinachiganizire: Edina sapirira phokoso. Itangolira kamodzi anathawira m'galimoto n'kutseka magalasi. Ndinatsala wopanda pakamwa.

Violet anawombera zipolopolo khumi, mtunda wa mapazi khumi. Ziwiri zokha zinakhudza pepala, m'mphepete, pansi kumanzere. Ndinaima kumbuyo, ndinaona zonse. Dzanja lamanzere amaliika pansi pa mfuti ngati sosa ya kapu, poopa kulimbitsa chipsera. Thupi amapendekera chagada. Asanawombere amatsinzina n'kukankhira mfuti pansi, kulimbana ndi kukankha kumene kunali kusanafike. Zolakwa zitatu. Iliyonse ndinaikonzapo mwa anthu mazana.

Bambo Faizal ankangoti, "Limbani mtima, mayi." Kulimba mtima sikukonza kagwiridwe. Ndinawanong'oneza zoti amuuze, anasokoneza. Zimenezi sizinenedwa pakamwa, zimakonzedwa ndi dzanja pa dzanja.

Pachipolopolo cha chisanu ndi chitatu chitsulo chinamutsina pachala chachikulu. Magazi pang'ono. Anapukuta pachitenje, anauza bambo Faizal: "Ikangolira ndimaona zikwanje zija."

Ndinali mapazi atatu kumbuyo kwake. Ndinadziwa chochita. Manja ndinawasunga m'matumba a jekete.

Kwatsala masiku khumi ndi awiri.

Lachinayi, 25 Julaye

Masiku anayi osalemba. Sizinachitikepo chiyambire 1979.

Edina sakundilankhula bwino. Lolemba, akuyanika ufa, anati: "Tsiku lanu lija mumaliwerengera, mwana uyu anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Chinkhoswe ankachifuna. Anakana ndi mwana wanu, poopa pakamwa panu." Ndinayankha kuti zimenezo zilibe umboni.

Dzulo ndinatsitsa katoni ya mabuku akale kuti ndimutsutse. Buku la 2008, chikuto chobiriwira. Pa 2 Juni ndinalemba motere: "Ndamuuza Tomasi kuti mkazi wogulitsa pamsika sadzalowa pakhomo pano ine ndili moyo." Pansi pake ndinajambula mzere ndi rula.

Dzanja ndi langa. Tsiku ndi lolondola. Sindinkakumbukira.

Katoni ndabweza. Edina sindinamuuze chimene ndapeza, koma anandipatsa tiyi wa shuga atatu, chinthu choletsedwa ndi adokotala, choncho ndikuganiza kuti wadziwa.

Mphepo ya mwera tsiku lonse. Mbuzi yoyera yabereka awiri.

Loweruka, 27 Julaye

Ndilemba mwadongosolo.

Tinafika 9:15. Edina m'galimoto, magalasi otseka. Chipolopolo choyamba: Violet anatsinzina, mfuti inalumpha, dzanja lamanzere linasiya. Kamwa ya mfuti inapotokera kumbali, kumene kunaima bambo Faizal. Chala chinali chitatuluka kale, ndiyenera kulemba zimenezo pomuyamikira. Koma ndinaona mmene zidzakhalire pamsewu wa Kabudula.

Ndinati: "Apongozi, imani kaye."

Awa ndiwo mawu oyamba. Anatembenuza mutu wokha, mfuti ikuloza kutsogolo monga mwa lamulo. Ankayesa kuti walankhula wina.

Ndinayenda mapazi atatu aja. Ndinagwira dzanja lake lamanja n'kulikweza kufika pamwamba penipeni pa chogwirira. Lamanzere ndinalichotsa pansi, ndinalikulunga pambali kuti zikhatho zikumane, zala zazikulu zikuloza kutsogolo, kutali ndi chitsulo chimene chinamutsina. Chipsera n'cholimba ngati chingwe. Dzanja lozizira, lokhakhala ndi matumba a mtedza.

Ndinamuuza aweramire kutsogolo monga amachitira pokankha wilibala yodzaza. Mpweya autulutse. Kachitsulo akafinye pang'onopang'ono, osakakoka, osadikira kulira. Maso otsegula. Anati, "Bambo, ndikuopa." Ndinati, "Manja anga sindichotsa. Iyambe yakankha ine."

Inalira. Kukankha tinagawana. Bowo pakati pa pepala, pang'ono kumanja. Analiyang'ana ngati laboola wina.

Katatu ndi manja anga pamwamba. Kachinayi ndinangokhudza zigongono. Kenaka ndinabwerera m'mbuyo. Pepala latsopano, zipolopolo khumi, yekha: zisanu ndi ziwiri m'malo aakulu ngati mbale. Anatsinzina kawiri kokha.

Atatsitsa mfuti ndinamuuza chimene ndinkauza aliyense tsiku lomaliza la maphunziro. Akuba akafuna chikwama, apatseni chikwama. Pakakhala pothawira, thawani. Chitsulo ichi n'cha pamene zonsezo zatha. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati: "Manja anu ndi a Tomasi. Ngakhale kachala kokhota aka."

Zotsekera m'makutu ndinachedwa kuvula. Bambo Faizal anapeza chochita kugalimoto. Munthu waulemu.

Edina anaona zonse pagalasi. Tinanyamuka ulendo wobwerera. Tikudutsa pa Mpingu anayamba kuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndipo sanailekeze mpaka pa Nsaru.

Lachiwiri, 30 Julaye

Lamulungu Edina anagamula mlandu. Akuti poti apongozi agwirana manja pamaso pa anthu, mwambo wa kwathu ufuna nkhuku, wamng'ono apereke kwa wamkulu, kuti kuyambira pamenepo azimasukirana. Ndinati sindikukumbukira ngati mwambowo umatero ndithu. Anati, "Mukayang'ane m'katoni mwanu."

Violet wabwera lero 3 koloko. Nkhuku alibe, zake zinatha ndi chitopa mu Juni, ndipo za pamsika akuti n'zowonda, sangapatse ine. Wabwera ndi pepala la chandamale. Wakhala pakhonde, osati pankhokwe. Wati mabowo ndi asanu ndi atatu, awiri analowa pamodzi. Ndatenga rula ndi magalasi. Takangana mphindi makumi awiri, Edina osafunikira. Ndi asanu ndi awiri. Wakana kuvomera. Waliuma ngati mwamuna wake.

Ndayang'ana lamba ndi thumba lachikopa. Ndaboola bowo lina palamba kuti lisagwedere. Ndamuuza kuti mfuti izigona m'bokosi lokiya, kiyi pakhosi pake, ana akabwera kutchuthi. Wati analigula kale.

Mkuja anyamuka mamawa, lole ya matani atatu, midzi isanu kuseri kwa Kabudula, kubwerera Loweruka. Ananena kuti nkhuku atumiza ndi wanjinga mawa. Ndakana.

Chotsala kwa ine: nkhuku imodzi, yathadzi. Sindilandira kwa wanjinga, kapena kwa Edina, kapena kwa munthu wina aliyense. Abwere nayo yekha Loweruka, m'manja mwake.