Kambalame Kamene Ndinasainira

Taiping
14 Novembala 2023

Okondedwa achemwali anga, Kak Long,

Kalata yanu inafika Lachiwiri pamodzi ndi nsomba zouma zija, zikomo kwambiri. Kuno mvula ikugwa monga mukuidziwira, zovala zikuumira m'nyumba, ndipo bondo langa lakumanzere layambiranso mwano wake. Mwana wanga Aqilah ali bwino ku Kuala Lumpur. Amaimba foni akaiwala kaphikidwe ka chinachake.

Munalemba kuti amuna anu, Abang Jalil, poti apuma ntchito, akufuna kuyamba kuona mbalame m'nkhalango za kwanuko ku Sandakan, ndiye ndikufunsireni kwa katswiri wa m'nyumba muno choonera patali chimene mungagule, chosaboola m'thumba koma chosakhalanso chidole. Katswiriyo sindinawafunse. Masabata atatu tsopano mwamuna wangayu, Abang Mokhtar, sakutchula mbalame, ndipo kambalame kaja kanawatchukitsa kakufufutidwa m'buku la bungwe lawo chifukwa cha ine. Ndiye malangizo muwamva kwa ine, pamodzi ndi nkhani yake.

Mukukumbukira choonera chakuda chija anandigulira chaka chimene Aqilah anayamba sukulu? Tsiku loyamba anandiimika pakhonde, anachikonza okha, n'kundilozera mumtengo wa mango. "Ukuiona?" Ine ndinkaona kabowo kowala pakati pa mdima, ngati ndikusuzumira pachibowo cha kiyi. Nditavula magalasi anga kabowo kanakula, koma mtengo wonse unasanduka phala, paja maso angawa mukuwadziwa. Munthu anali ataima pambali panga akumwetulira mano onse pamtunda. Ndinati ndikuiona.

Ndinkayesa kuti aliyense amaona choncho, kungoti ine ndi wochedwa. Akakowa oima m'minda ya mpunga ndinkawapeza, chifukwa kakowa amadikira munthu. Koma timbalame ta m'nkhalango tinkauluka ine ndikusakasakabe nthambi yake m'kabowo kanga. M'kupita kwa nthawi ndinaphunzira kunena kuti "eee, ndakaona" pa nthawi yoyenera, osafulumira kwambiri, osachedwanso. Maulendowo ndinkawakonda, musandimve molakwa. Kuphiri kumazizira bwino, tiyi wa m'fulasiki amakoma, ndipo kunali kokhako kumene mwamuna wanga ankandiyankhula monong'ona.

Za Disembala 2011 mukuzidziwa mbali imodzi. Tinali pa phiri la Larut, kukuwaza mvula, kamera ili m'chikwama. Abang anandigwira mkono n'kuloza m'tchire. Kanali kambalame kochokera kumpoto kamene bungwe lawo linali lisanakalembepo kuno. Lamulo la komiti yawo ndi lakuti ngati palibe chithunzi, pakhale anthu awiri amene aona. Iwo analemba masamba awiri ofotokoza, ine ndinasaina pansi. Komiti inavomereza, nkhani inatuluka m'magazini ya bungwe, tsamba lomwe lija munaika m'felemu pabalaza panu. Kuyambira pamenepo akhala akuitanidwa m'masukulu kukayankhula, ndipo pamisonkhano amawakhazika kutsogolo.

Chaka chino choonera changa chinamera chuku m'kati. Abang anati tigule chatsopano, ndipo anatha miyezi iwiri akusankha. Munthu woyeza malo ngati iwo sapuma ntchito, Kak Long, amangosintha choyeza. Anajambula mizere papepala ndi rula, n'kulemba zoonera zitatu za mtengo wapakati, chilichonse ndi kulemera kwake, kukuza kwake ndi zina zimene sindinazitsate. Chimodzi anachikhwatcha msanga chifukwa chimalowa madzi, ndipo ku Taiping chinthu cholowa madzi ndi chidebe. Panatsala ziwiri, chokuza kakhumi cholemerako ndi chokuza kasanu n'katatu chopepuka. Tisananyamuke pakhomo anali atagamula kale kuti titenga chokuza kakhumi. Ine ndinapita ngati khosi lokachikolekapo.

Sitolo yake ili ku Ipoh. Mwini wake ndi Mayi Yeoh, mzimayi wamfupi wa magalasi okhuthala ngati anga. Abang anayala pepala lawo pakauntala n'kuyamba kumuphunzitsa za katundu wake yemwe. Iye anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwawerenga ndithu, bambo. Nanga wogwiritsa ntchito ndani?"

"Mayi a kunyumbawa."

"Ndiye tawasiyani agwire okha. Inu khalani apo, mpando sitilipiritsa."

Anandipatsa chopepuka chija, kenako atandiyang'ana kumaso anachilandanso. "Magalasi simuvula eti? Ndiye timphira ta kumasoti tizikhala pansi." Anapotokola timphira tonse tiwiri mpaka tinatsika, n'kundikankhira pakhomo kuti ndiyang'ane panja.

Patsidya pa msewu, padenga la sitolo ya mankhwala, panali njiwa. Ndinakweza choonera ndikuyembekeza kabowo kanga. M'malo mwake denga lonse linalowa m'maso mwanga nthawi imodzi, malata, mawaya a magetsi, njiwa, ndi mphaka amene ankaiwerengera njiwayo. M'mbali munalibe mdima. Njiwa itauluka ndinaitsata mpaka inakatera pa mzikiti, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndikanakhala wochenjera ndikanangoti n'chabwino, tikulungireni. Koma pakamwa pananditsogolera.

"Abang, kani inu mumaona zonsezi?"

Mayi Yeoh anapempha kuona chakale chija, paja tinali titachitenga. Anachiika pa magalasi ake n'kupukusa mutu. "Iii, ichi n'cha anthu a maso abwino. Wa magalasi apa amangoona kabowo ngati ka singano. Timphira take tinauma kalekale, komanso ngakhale mutatipinda sizingasinthe kwenikweni, chinapangidwa choncho. Mwavutika nacho nthawi yaitali bwanji, mayi?"

Ine ndinayang'ana pansi. Anayankha ndi Abang. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri."

"Aaa, ndiye mbalamezo mumaziona bwanji?" Anaseka, koma anaseka yekha, ndipo atazindikira anayamba kupukuta kauntala.

Abang anapinda pepala lawo kanayi n'kuliika m'thumba. Analipira chimene chinali m'manja mwanga osayesa n'komwe chinacho, osanenerera mtengo, munthu amene amanenerera anyezi kumsika mpaka wogulitsa kutopa.

Pobwerera tinaima pa Kuala Kangsar kuti tiswali pamzikiti ndi kumwa tiyi. Tiyi atabwera Abang anamutakasa nthawi yaitali ngakhale shuga anali wothira kale.

"Bedah, kaja ka pa Larut."

"Ndinaona masamba akugwedezeka."

"Masamba."

"Ndi chinachake chotuwa. Mwina."

"Koma unasaina."

"Munandipatsa cholembera, Abang."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho. Ndikanawauza kuti zaka zonsezi sanayang'anepo nkhope yanga pondifunsa kuti ndaona, maso amakhala ali mumtengo. Koma sanakalipe.

"Ine ndinakaona masekondi atatu, mvula ili m'maso," anatero. "Ndinkakayika. Pali kena kofanana nako kamene kamabwera chaka ndi chaka, kusiyana kwake ndi kamzere koyera paphiko. Ndinakufunsa ngati waona kamzereko, iwe unati eee. Ndi pamene mtima wanga unakhazikika."

"Eee" ameneyo ndikumukumbukira bwino. Ndinali nditanyowa, ndinkafuna tibwerere kugalimoto. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudzitonthoza kuti bodza langa linangoperekeza chinthu choona chimene iwo anaona ndi maso awo. Patebulo lija ndinadziwa kuti iwo anatsamira ine, ine ndinatsamira iwo, ndipo kambalameko palibe angalumbire kuti kanalipo. Manyazi anandigwira, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa tsiku limene tinaika mayi awo.

Titafika kunyumba ndinawapempha kuti nkhaniyi aisiye. Sindikubisirani, ndinapempha kwambiri. Ndinati papita nthawi, awiri a m'komiti ija anamwalira, Mayi Yeoh sadziwa n'komwe dzina lathu.

"Ndani angakumbe zimenezi, Abang? Mungodzivula nokha pagulu."

"Disembala aliyense ana a sukulu amakwera phiri lija ndi aphunzitsi awo kukafuna mbalame yanga," anatero. "Chaka chino akweranso. Ndiwasiye?"

M'mawa mwake analemba kalata yopita kukomiti, pamanja, ndi zilembo zawo zija zoima ngati mpanda. Anaiika pafupi ndi mbale yanga kuti ndisaine. Ulendo uno ndinawerenga kawiri. Mawu oti bodza munalibe. Analemba kuti mboni yachiwiri inali ndi chipangizo chosayenera maso ake, kuti wolakwa ndi amene anasankha chipangizocho osafunsa, ndipo kuti mboni yoyamba payokha sinali yotsimikiza. Akanangolemba kuti mkazi wanga ananama, bwenzi nditakwiya n'kupepukidwa. Ndinasaina. Mlembi wa komiti wayankha mwaulemu kuti kambalameko kachotsedwa m'buku lotsatira, ndipo m'magazini ya Januwale mudzakhala mzere umodzi wodziwitsa anthu. Abang abweza kale kuitana kwa sukulu ziwiri.

M'nyumba muno mulibe ndewu. Amadya zimene ndaphika, amathokoza, amandikumbutsa mankhwala a bondo. Loweruka ndi Lamlungu m'mawa, nthawi imene tinkakwera phiri, amatsuka galimoto yoyera kale. Choonera chawo chili m'kabati pamodzi ndi mabuku.

Pali chinthu chimene sindinauze aliyense, ndipo musamuuze Aqilah. Ndakhala ndikupita ndekha kumunda wa m'mbali mwa nyanja uja, kumene tinkakwera njinga tili ana, ndi choonera chatsopanocho. Ndimati ndikupita kukaongola bondo. Kak Long, ndikusangalala. Mwamuna wanga wataya chinthu chimodzi chimene ankayenda nacho mutu uli m'mwamba, ine ndili pansi pa mitengo ikuluikulu ija ndikumwetulira ndekha chifukwa ndaona kambalame kobiriwira kakumeza chipatso chachikulu kuposa mutu wake. Mayina ambiri ndimawadziwa, paja ndawamva zaka zonsezi. Eni mayinawo ndi amene ndikukumana nawo tsopano.

Lamlungu lapitali ndinaona kena kamene dzina lake sindinalipeze m'mutu. Kanakhala panthambi nthawi yaitali, ndinakaona bwinobwino mpaka miyendo. Pa chakudya chamasana ndinalephera kuugwira mtima, ndinayamba kufotokoza, msana wotere, mlomo wotere, kagwedezedwe ka mchira. Ndinaona dzanja lawo litaima pamwamba pa mpunga. Amakadziwa, ndinaona pankhope.

"Unali ndi ndani?" anafunsa.

"Ndekha."

"Chithunzi?"

"Ndilibe."

"Ndiye usalembe," anatero, n'kupitiriza kudya. Dzina lake sanandiuze, ndipo ine sindinafunse.

Tsopano za Abang Jalil. Gulani chokuza kasanu n'katatu, chosalowa madzi, chopepuka moti angathe kuchinyamula m'khosi tsiku lonse. Cha mtengo wapakati chikwanira, mbalame sizifunsa risiti. Poti nawonso amavala magalasi, ayese atawavala, timphira ta kumaso tili pansi, ndipo aone ngati bwalo lonse likuoneka popanda mdima m'mbali. Musawagulire mobisa ngati mphatso. Apite okha kusitolo, ndipo ngati mwawaperekeza, mukafika pakhomo inu mupite mukagule nsomba. Musaime pambali pawo mukumwetulira n'kumafunsa kuti mukuona?

Ndili ndi mapempho awiri. Felemu ija muichotse pabalaza tisanabwere kudzadya nanu Raya pakutha pa mwezi wosala kudya, koma musaitaye, muiike m'kabati pansi pa nsalu. Ndipo muwatsine khutu Abang Jalil kuti akakumana ndi Abang Mokhtar asadzawapemphe kuti afotokozenso za pa Larut, monga amachitira chaka chilichonse pofuna kuwasangalatsa.

Mundiperekere moni kwa Abang Jalil, kwa ana ndi zidzukulu zonse, makamaka wamng'ono uja amene sindinamunyamulebe. Inu muzimwa mankhwala anu, musamadumphe masiku. Makalata anga onse ndakhala ndikutsekera ndi moni wa Abang Mokhtar, nthawi zambiri osawafunsa n'komwe. Lero ndawafunsa. Ali pakhonde, akuyang'ana mvula, ndipo sanandiyankhe, kaya sanamve kaya amva. Ndiye moni wawo sindilemba. Akadzaupereka ndi pakamwa pawo, ine ndikumva, ndidzakutumizirani tsiku lomwelo.

Ndine mng'ono wanu,
Zabedah