Katoni ya ku Bafa la Mayi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Mayi. Bondo la Mayi lija likuti bwanji? Mankhwala ndinatumiza aja azipaka m'mawa ndi madzulo, asamadikire kuti liyambe latupa. Nanga inu chifuwa chija chinasiya? Ife kuno tili bwino, kungoti msana umandivuta ndikakolopa masitepe, koma ndi zazing'ono.

Bambo, ndikulemba za mwana wanu womaliza, amene inu mumamutcha Theka. Chonde musapinde kalatayi, muwerenge mpaka pansi. Ndikudziwa kuti simulankhulana chichokereni iye pakhomo, tsiku munamuuza kuti palibe chimene adzamalize pa moyo wake. Zoona sukulu anaisiyira panjira, ukalipentala chimodzimodzi, ndipo khola la nkhuku anayamba lija lilibe chitseko mpaka lero. Sindikukana. Koma pali zimene ndaona ndi maso angawa.

Mwezi watha abwana anga aakazi, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, anafuna kuika matailosi pansi m'bafa la apongozi awo. Toileti ndi sinki zinamangidwa kale ndi simenti. Amisiri amene anabwera ankati toiletiyo izulidwe kaye, ndipo ikasweka si mlandu wawo. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti ndili ndi mlongo wanga wa matailosi. Abwana anati ndimuitane. Ndinkati akangosiyira panjira, ntchito yanga yathera pomwepo.

Theka atabwera anayamba ndi kukambirana mtengo, asanagwire kanthu. Anati pansi poyera amawerengera pa mita ngati anzake onse, koma kuzungulira toileti, mwendo wa sinki ndi potulukira madzi amatchaja padera, chifukwa tailosi yodula mokhota imadya nthawi kuposa mzere wathunthu wowongoka, ndipo ina imasweka. Anawauzanso kuti agule okhakhala osati onyezimira, popeza wosambamo ndi munthu wachikulire. Abwana anadandaula kuti wadula. Ine ndili pakhomo ndi mopu, kumutsinzinira diso kuti atsitse, iye osandiyang'ana n'komwe. Anangowauza mwaulemu kuti akatsitsa mtengo afulumira, ndipo akafulumira toileti ndiyo ilipire. Abwana anaseka n'kuvomera.

Tsiku loyamba sanakande simenti. Anayala matailosi pouma, kuyambira pakhomo, kuti wolowa aziona athunthu ndipo zidutswa zikabisale kuseri. Ine ndinati wayamba ulesi uja. Kenaka anapempha katoni ndi sizasi. Anacheka m'mphepete mwa katoniyo timizere tating'ono ngati mano a chipeso, n'kugwada, n'kumaikanikiza ndi chala pa tsinde la toileti mpaka inagona bwinobwino mozungulira. Mkhoto umenewo anaujambula pa tailosi ndi pensulo, n'kukadulira panja ndi makina aja amati gilayinda, zotsalira n'kumabenthula pang'onopang'ono ndi pulayala. Imodzi inasweka chakumapeto. Ndinati basi atenga chikwama chake. Bambo, anangopukuta fumbi kumaso n'kutenga ina.

Pakati pa tailosi ndi toileti anasiya kampata kochepa, mmene anathiramo guluu wofewa uja amati silikoni osati simenti, kuti tsiku lina toiletiyo ikafuna kukonzedwa isadzaswe pansi. Atamaliza anagogoda tailosi iliyonse ndi chogwirira cha chipande chake chopakira simenti, khutu lili tcheru. Ina inalira ngati mkati muli mphako. Palibe akanadziwa, ngakhale ine amene ndimaona fumbi pamwamba pa chitseko. Anaizula n'kuikanso. Simenti itauma anathira ndowa ya madzi pakona, tonse tikuonerera, ndipo madzi onse anatsetsereka okha kukalowa pa dzenje, osatsala ngakhale kachithaphwi. Apongozi a abwana anaponda ndi phazi lonyowa, akugwira dzanja langa, n'kunena kuti mwana ameneyu analeredwa ndi munthu wosamala. Ndinalowa kukhitchini kukalira.

Pobwerera ndinamufunsa kuti kuleza mtima kumeneku wakutenga kuti. Anati toileti ili ngati mdala amene wakhala pampando wake, sumusuntha, umangomuzungulira mwaulemu. Ndinamumenya ndi chikwama. Sanatchule dzina la munthu, Bambo, musapse mtima. Koma anawonjezera kuti zogogoda zija anaonera inu, mmene munkagogodera pulasitala ya nyumba yathu ndi fungulo, mmisiri ali pambali akutuluka thukuta.

Tsopano za kwathu. Mlamu anandiuza pa foni kuti Mayi anatereranso m'bafa, pa simenti yosalala ija, ndiponso kuti mwapeza mmisiri woti azule toileti aike matailosi onyezimira. Chimvereni zimenezi mtima wanga suli m'malo. Bondo limenelo silingapirire kugwa kwina. Ndinamufotokozera Theka, iye anati angathe kuigwira ntchitoyo osakulipiritsani, toileti osaikhudza. Koma anati sangabwere pakhomo pamene sanaitanidwe. Inunso ndikukudziwani, foni simungamuimbire. Anthu awirinu munafanana mpaka kuuma khosi.

Pempho langa ndi limodzi. Gilayinda ndi ya mkulu amene amamugwirira ntchito, sangayende nayo ulendo wautali, choncho matailosi a pa toileti ayenera kudulira konkuno. Akufuna katoni ya tsinde la toileti yathuyo. Mutenge katoni yolimba, osati yonyowa, muicheke timano monga ndafotokozera, muikanikize pansi mozungulira, mujambule mkhotowo pa katoniyo ndi pensulo. Mbali yowongoka igunde khoma la kumbuyo, ndipo muikepo kachizindikiro kosonyeza kumene kuli chitseko. Musaipinde pakati. Muiike pakati pa makatoni ena awiri, mumange ndi chingwe, mupatse dalaivala wa basi amene mumatumizira katundu uja. Pogwada muyale thumba pansi, ndipo wina akhale pafupi wokudzutsani.

Ndikudziwa kuti mlamu angathe kujambula, koma ndikupempha kuti mujambule inuyo. Simufunika kulembapo mawu alionse. Theka amadziwa mzere wa pensulo yanu, umene mumaubwereza kuti uoneke. Akangouona adziwa kuti waitanidwa.

Mmisiri winayo mumuuze adikire kaye. Pakadali pano Mayi azisamba atakhala pa kampando, ndipo pansi muyalepo mphasa ya labala ndinasiya kuseri kwa kabati ija.

Mundiperekere moni kwa Mayi, azakhali, mlamu ndi ana onse. Zidzukulu zanu kuno zikuti moni agogo. Theka sananditume moni, sindikunamizani. Koma dzulo anandifunsa ngati mahinjesi a chitseko cha khola la nkhuku akadali pa shelefu pamene anawasiya. Ndinamuyankha kuti inu simutaya kanthu.

Ine mwana wanu wachisamba,
wodikira katoni.