Ntchito ndaipeza kubwalo la hoke, koma ndikuopa kutaya mankhwala

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuwongola bodza limene likuyenda m'tauni muno, poti ena mwa olifalitsa amawerenga danga lanuli: sindinachire. Amene anandiona Loweruka ndikutuluka m'sitolo wopanda ndodo anaona tsiku labwino, basi. Lamulungu lake ndinafika kubafa chogwira khoma, koma pamenepo panalibe wodzaonerera.

Ndili ndi zaka 35. Ndimadwala matenda a mitsempha otchedwa MS, aja amakubwereka miyendo lero, mawa n'kudzailanda. Anandigwira ndili m'chaka chachitatu ku yunivesite, ndikuphunzira uinjiniya, ndipo ndinabwerera kwathu wopanda pepala. Anzanga amene ndinkawaphunzitsa masamu usiku wa mayeso, lero akumanga milatho. Ine kwa zaka zoposa khumi ndakhala ndikulandira ndalama za boma za anthu olumala, pamodzi ndi inshuwalansi imene imandilipirira mankhwala. Mtengo wa mankhwalawo ukhoza kugula nyumba ino, galaja yake, ndi galu wa oyandikana nawo.

Bambo anga atamwalira anasiya m'galajamo makina onolera nsapato za hoke, masewera aja a pa ayezi. Kuno ku Eveleth, dera lozizira koopsa, mwana amayamba kutsetsereka pa ayezi asanadziwe kupukuta mamina, ndiye mipeni ya kunsi kwa nsapatozo imabuntha kawirikawiri. Ndinayamba ndi nsapato za ana a mchimwene wanga. Posakhalitsa mbiri inawanda kuti ine ndikanola, mwana sagwa pokhota. Ndikanakhala munthu wodzichepetsa ndikanati akukokomeza. Sakukokomeza.

Ndalama ndinakana kuyambira tsiku loyamba. Aliyense wolandira thandizo la boma amawadziwa mantha amenewa: ukangooneka kuti ukupeza kenakake, amakudula. Koma anthu akuno sangalandire chinthu chaulere n'kugona tulo, choncho anayamba kundilipira zakudya. Munthu amafika dzanja ili nsapato, dzanja ili mbale ya mbatata ndi nyama yogaya zowotchera pamodzi mu uvuni. Nyengo yosaka ikakwana, ndi nyama ya gwape. Ena nsomba, ena mpunga wa m'dambo, ena jamu wa mabulosi. Bambo wina wopanda luso la kukhitchini amandichotsera chipale chofewa pakhomo. Filiji yoyamba itadzaza ndinapeza yachiwiri.

Tsiku lina mlamu wanga Darlene anatsegula yachiwiriyo n'kugwira pakamwa. Anati, "Mlamu, kodi kukubwera nkhondo ife osadziwa? Anthu akuti ndiwe wovutika, chonsecho agwape onse a m'nkhalango akuthera kuno!" Ndinati, "Tenga mwendo umodzi upite nawo, koma ukamuuze mchimwene wanga aphike yekha, nyamayo yafa kale kamodzi, iwe usakaiphenso mumphika."

Tsono vuto langa ndi ili. Sabata yatha kunabwera a Lyle Rautio, amene amayang'anira bwalo la hoke la m'tauni muno. Wonola wawo wakale wapuma pa ntchito, akuti akupita ku Arizona kukaotha dzuwa. A Lyle anaima pakhomo pa galaja, chipewa m'manja ngati adzafunsira mbeta. Anati, "Chemwali, makolo amandidutsa pabwalo ndi nsapato m'manja, ulendo wa kuno. Ine manyazi andikwana. Bwera udzanolere kwathu, tizikulipira ndalama zenizeni, osati zoyenda ndi miyendo inayi." Ndinati, "A Lyle, mwazindikira mochedwa bwanji? Zaka zonsezi mumayesa ana aja akuchita bwino chifukwa cha maphunzitsidwe anu?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Nyoza, palibe kanthu. Koma ayezi tikuthira kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo pofika pamenepo pamakina pakhale munthu. Ukakana ndifuna wina."

Aphungu, ntchitoyi ndikuifuna. Sindinauze aliyense, koma ndikuifuna moti a Lyle atachoka ndinakhala pansi n'kuyamba kuseka ndekha ngati wozungulira mutu. Matenda angawa amadana ndi kutentha, ndiye m'bwalo la ayezi ndi malo okhawo m'tauni muno amene miyendo yanga imandimvera. Komanso ndikufuna kulowa m'sitolo n'kugula jekete ndi ndalama zimene palibe amene anganene kuti ndi zake. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, Marlys, anandiona chaka chatha n'kuuza mnzake mokweza dala kuti, "Taonani, msonkho wathu lero ukuyenda wopanda ndodo." Ndinamuyankha kuti, "Inde mayi, ndipo ukuyenda bwino kuposa ukwati wa mwana wanu." Abusa anandiyendera sabata yomweyo.

Koma ndikavomera, boma n'kundidula, mankhwala ndidzagula ndi chiyani? Malipiro a wonola nsapato sangagule ngakhale bokosi lake lopanda kanthu. Nanga mu Febuluwale miyendo ikadzakana, monga imachitira zaka zambiri, ndidzakhala wopanda ntchito, wopanda thandizo, wopanda mankhwala. Ndipo Marlys adzanena kuti, "Si uyo, akugwira ntchito. Ndinkanena ine kuti sankadwala."

Darlene akuti ndiwauze a Lyle azindipatsa ndalama pamanja mwakachetechete, kapena nawonso azindilipira gwape. Ndichite zimenezo? Kapena ndikhale m'galaja mwanga ndi mafiliji anga awiri mpaka ndikalambe?

R. H., Eveleth

Okondedwa a R. H.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ulendo wachiwiri chifukwa cha Marlys. Tsono tiyeni ku nkhani.

Malangizo a mlamu wanu atayeni kutali. Amakukondani, koma ndalama za pamanja zobisa ndi njira yachidule yotayira chinthu chomwecho chimene mukuopa kutaya. Tauni imene imadziwa tsiku lomwe mwayenda wopanda ndodo singalephere kudziwa kuti mumakhala pamakina a bwalo madzulo alionse. Zikadzaululika, boma lidzafuna ndalama zake zibwerere, ndipo silidzalandira jamu.

Mantha anu ndi oona, koma mwawamangira pa mphekesera. Boma silidula munthu tsiku limene wayamba ntchito. Pa thandizo lofanana ndi lanu pamakhala miyezi yoyeserera, imene mumagwira ntchito, kulandira malipiro, ndalama za boma n'kumabwerabe. Inshuwalansi ya mankhwala imatha kupitirira kwa zaka zingapo ngakhale ndalamazo zitasiya. Ndipo matenda akadzakugwetsani m'zaka zoyambirira, pali njira yofulumira yobwereranso popanda kuyamba zonse pachiyambi. Koma musadalire mawu anga okha, pakuti malamulo amasiyana malinga ndi mtundu wa thandizo limene munthu akulandira. Pali alangizi aulere amene ntchito yawo ndi kukhala pansi ndi munthu ngati inu, n'kumuonetsa chimene chidzachitikire ndalama zake ndi mankhwala ake akayamba ntchito. Ofesi imene imakutumizirani thandizo idzakuuzani kowapeza. Imbani sabata ino, chifukwa nthawi zina pamakhala mzere, ndipo Okutobala sali kutali. Zimene adzakuuzeni, pemphani akulembereni.

Mukakafika kumeneko, nkhani ya agwape mukaiulule. Ndikudziwa kuti kwanuko aliyense amakhulupirira kuti malipiro a m'mbale boma siliwaona, koma boma limafunsa ngati munthu akugwira ntchito, osati ngati malipiro ake amalowa m'thumba kapena m'filiji. Mwina mlangiziyo adzangoseka n'kunena kuti n'zochepa. Ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva kwa Marlys.

A Lyle musawasiye m'malere. Apezeni mawa, muwauze kuti mukufuna, koma yankho lomaliza lidikire mlangizi. Ndiye muwauze zoona zonse za Febuluwale, zimene mwandiuza ine. Pemphani mpando wautali pamakina, maola ochepa poyamba, komanso munthu mmodzi woti mumuphunzitse kunola, kuti tsiku limene miyendo yakana ana asalowe m'bwalo ndi mipeni yobuntha. Ndikudziwa kuti kuphunzitsa wina luso lanu kudzakuwawani kuposa matendawo. Limbani mtima. Bambo amene anabwera okha chipewa m'manja, n'kuseka mutawanyoza, sangakane mpando. Dokotala wanu naye mumuuze, anenepo za maola.

Za Marlys, mvetsani izi. Mukakhala pakhomo adzati ndinu waulesi, mukagwira ntchito adzati munkanama. Mlandu umenewo simudzapambana, ndiye lekani kupita kubwalo lake. Munthu akhoza kudwala n'kumagwira ntchito, zonse ziwiri pa tsiku limodzi. Ndipo pepala la ku yunivesite lija, ndaona mmene mwalitchulira. Malipiro akayamba kulowa, mudzafunse ngati maphunziro amene munamaliza angawerengedwebe. Kufunsa sikukukakamizani kubwerera.

Lilime lanu mulisunge, ndi labwino, koma pabwalopo makolo adzakhala makasitomala, osatinso alendo a m'galaja mwanu. Kunyoza mmodzi pa sabata kukukwanirani. Filiji yachiwiri ija, tchalitchi chanu chili ndi malo ogawira chakudya kwa osowa, ndipo abusa adzasangalala kukuonani pa nkhani ina.

Chenjezo langa ndi ili. Mwezi uliwonse nenani ku ofesi zimene mwalandira, ngakhale zikhale zochepa, ndipo musalumphe mwezi poganiza kuti akudziwa kale. Komanso musayembekezere kuti tsiku limene ndalama za boma zidzasiye kubwera mudzavina. Mudzayang'ana ku banki katatu, mudzafuna kuimba foni kuti zonse zibwerere mwakale. Musadzaimbe tsiku limenelo. Dikirani malipiro a kwa a Lyle alowe, mukagule jekete.

Nanenso ndalama zanga za boma zinasiya kubwera zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mwendo wanga wakumanzere ukadali wachitsulo.

Aphungu