Ambulansi Inapita Kunyumba Yakale

Lolemba, 3 Malichi

Amayi ali m'chipatala. Sitiroko. Mbali yonse yakumanja zii. Anagwa masana akusita zovala, ali okha. Anakwawa mpaka pa foni n'kuimba nambala ya ngozi, koma lilime linali litalemera kale. Ambulansi inanyamuka msanga ndithu. Inapita kunyumba yakale, chonsecho amayi anasamukira kwa achimwene mu Disembala. Telala amene akukhalamo pano anatsegula chitseko, tepi ili m'khosi, kudabwa. Amayi anapezedwa ndi alamu, akazi a achimwene, patapita maola awiri. Maola awiri pa simenti!

Lachiwiri, 4 Malichi

Foniyo ndinawaikira ndine. Ya pa intaneti, ya kampani yathu. Ya waya ndinawadulitsa, ndinati n'zachikale. Kabokosi kake ungapite nako kulikonse, nambala sisintha. Chomwe sitinena mokweza kwa makasitomala: a ngozi amaona adilesi imene ili mu kompyuta yathu, osati pamene munthu wagwera.

Achimwene pakhonde la wodi: "Profesa wathu, nzeru za ku yunivesite zija n'zimenezi?" Munthu woti babu lenilenilo amaitanira anthu.

Lachinayi, 6 Malichi

Kuofesi. Bwana kundigwira dzanja, pepani wake wonona ngati mafuta. Kenako pepala: ndisaine kuti kasitomala anachenjezedwa. Kasitomala! Mayi anga. Akuti a bungwe loyang'anira makampani a intaneti akubwera Lolemba. Lamulo lawo limati tizifunsa adilesi miyezi itatu iliyonse, ndipo tizimata chenjezo pa kabokosi. Sitinafunsepo munthu. Zomatazo zili m'katoni pansi pa tebulo la tiyi, chaka tsopano. Ndamuuza akasainitse agogo ake.

Bwanayo ndi mwana wa mwini kampani, digiri ili pakhoma, waya ndi chingwe cha nsapato kwa iye n'chimodzimodzi. Ine zaka zitatu za uinjiniya, osamaliza, ndiye woyankha mafoni.

Loweruka, 8 Malichi

Dokotala akuti akanafika ola loyamba, mkono ukanapulumuka, mwina ndi mawu omwe. Amanena ngati akukamba za mvula. Amayi kundisisita ndi dzanja lamanzere, ngati wodwala ndine.

Ndalemba masamba anayi oti ndikapereke kwa a bungwe. Katoni ija, pepala la bwana, zonse. Aona polekera.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndimafuna cholembera m'chikwama chakale cha kuntchito. M'kathumba ka mkati, envelopu. Fomu yosinthira adilesi. Zilembo za amayi zikuluzikulu zija, nambala ya nyumba ya achimwene, tsiku 14 Disembala. Anandipatsa pageti. "Mwanawe, ukapereke mawa, usaiwale." Ine: "Amayi, ntchito yanga musandiphunzitse."

Kulowetsa mu kompyuta, mphindi ziwiri. Pa tebulo langa lomwe.



Lolemba, 10 Malichi

Mayi wochokera ku bungwe lija wafika, ali m'chipinda cha bwana. Ine ndilowa wachitatu. Masamba anayi m'manja, envelopu m'thumba la siketi. Wodziwa za envelopuyi ndi amayi okha, ndipo sangathe kulankhula. Katoni yokha ikwanira kumugwetsa bwana. Zonse ndalembazo n'zoona. Ndikangokhala chete, achimwene azitukwana kampani mpaka kalekale.

Envelopu ija ndaitulutsa. Ndaiika pamwamba pa masamba anayiwo. Akundiitana