Moto wa apongozi pa kaphiri

Amai, kodi muli bwanji uko munagona?

Ife kuno ku Nkomeshya tilipo. Chimanga chayesako, osati monga chaka cha chilala chija tinadya unga wachikasu. Mdzukulu wanu Esinati, mwana wanga uja, ali na mwana wamkazi, ndipo amuna ake, aTembo, amanga nyumba pafupi na yanga. Yatsala kufolera, ndiye nkhani nifuna nikuuzeni.

Udzu wofolera tinali kuusunga wosamweta pa kaphiri kathu kaja. Munali kutiuza kuti mbali ya kumpoto, kumene dzuwa limapendekera m'nyengo yozizira, imauma msanga, pomwe ya kumwera imasunga mame mpaka dzuwa litakwera. Munali kunenanso kuti moto potsika phiri umayenda monga nkhalamba, koma pokwera umathamanga, pakuti umawamba udzu wa kumtunda usanaufike.

Tsono aTembo, apongozi angawa, anakulira ku chigwa cha Kafue, kopanda phiri. Anafuna kutentha mzere kuti moto wa osaka mbewa usalowe mu udzu. Ninangowaona masana alikutsikira kumunsi, mbali ya dzuwa, machisa ali m'manja. Nanga mpongozi n'kumufuulira pabwalo monga mwana? Ninatuma Esinati akawauze kuti adikire mamawa, ayambire pamwamba. Esinati naye anali kuyamwitsa. Pomwe amanyamuka, utsi unali utakwera kale.

Amai, mbali yonse ya dzuwa inapsa tikupenya. Koma moto utafika pamsana pa phiri unafooka, chifukwa kuseri kunali kotsika ndipo udzu ukali wauwisi kunsi. Pamenepo tinaupanda na nthambi, ine uku aTembo uko, osayang'anana, mpaka unazima.

Udzu wopulumuka ukwana chipinda chimodzi chabe. Nawapatsa mitolo ija ninasungira khitchini langa. Ine mvula niidziwa, koma khanda lija likalibe kuiona, lifunika kugona pouma.

Dzulo aTembo anabwera okha, osadzera kwa mkazi wawo. Anagwada, anaomba m'manja, nati niwaonetse poyatsira chaka chamawa. Kuyambira pomwe anakwatira, aka n'koyamba kuti tikambe awiri.

Nizakwera nawo pamwamba mame akali pa udzu, niwauze monga munaniuzira inu. Pobwerera tizalambula kumanda kwanu moto wa Okutobala usanafike.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lazalo