Fodya Wopepuka ndi Thiransifoma Yatsopano

Amayi, kumene mwapitako muli bwanji? Kuno tikuyesa kuzolowera, ngakhale Lamulungu masana ndimapezeka ndatenga foni kuti ndikuimbireni.

Abambo analandira kuponi. Feteleza anafika mochedwa, komabe chimanga chabereka. Fodya ali m'chigafa, ndipo a Mulepa, tenanti wanu wa ku Phalombe uja, akumusamala monga munkafunira.

Kuntchito tinaika thiransifoma yatsopano, yotumiza magetsi mbali ya kwa Chisemphere, komwe kuli chipatala chimene Esinati ankapitako kusikelo. Paja mng'ono wangayu munamusiya ali woyembekezera. Pambali pa thiransifomayo pali kachipangizo kotchedwa rileyi. Ntchito yake ndi kuyerekeza magetsi olowa ndi otuluka. Akasiyana, imadziwa kuti ena akutayikira m'kati, ndipo imathimitsa zonse moto usanabuke, diso lisanaphethire n'komwe. M'mabuku onse amene ndawerenga sindinakumanemo ndi mlonda watcheru chotere.

Koma rileyiyi inayamba kuthimitsa magetsi popanda chovuta. Anthu anadandaula, ndipo anzanga anati tingoichotsa. Ndinachita mantha, Amayi. Thiransifoma yopanda mlonda ikapsa, chipatala chikhoza kukhala miyezi chopanda magetsi, Esinati masiku ake akuyandikira.

Ndinapempha kuti andidikire mpaka madzulo. Nditakhala pansi pa mthethe ndinakumbukira chaka chimene amalume ankafuna kuthamangitsa a Mulepa, ati fodya wachepa. Inu munatenga tsamba laliwisi kudzanja lina, louma kudzanja linalo, n'kunena kuti, "Fodya akauma amapepuka, achimwene. Yambani mwadziwa zimene chigafa chimachita, kenako muzifunafuna wakuba."

Ndinabwerera n'kukawerenganso kachitsulo kokhomedwa pathiransifomapo, kofotokoza mmene inapangidwira. Iyi si yofanana ndi yakale ija. Imatembenuza kayendedwe ka magetsi, moti otuluka amatsalira pang'ono m'mbuyo mwa olowa. Rileyi inali isanauzidwe zimenezi, ndiye inkaona kuba pomwe panali kusintha chabe. Ndinaikonza kuti iziyembekezera kutsalirako, n'kuisiya pamalo pake. Kuyambira tsiku limenelo ili phee, koma siili m'tulo.

Esinati anachira sabata yotsatira, masiku asanakwane. Ndi mwana wamkazi. Anamugoneka m'kabokosi kofunditsa ana kamene kamayendera magetsi, ndipo sanazime ngakhale kamodzi mpaka tsiku lomwe anatuluka. Tamupatsa dzina lanu.

Dzulo ndinamunyamula koyamba. Ndi wopepuka ngati tsamba louma lija, moti ndinaopa kuti mwina china chasowa. Kenako ndinamuyang'ana bwinobwino, tizala take, timakutu take, kupuma kwake. Palibe chasowa, Amayi.

Mvula ikatha tidzamanga chiliza chanu, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzabwera naye, mudzaone mmene wanenepera.

Ndimakukondani monga kale,
mwana wanu,
Tiyamike